Kaundula wa pa Msasa wa Bangula

Anandipatsa cholembera ndi pepala la mizere inayi
poti ndine mphunzitsi, dzanja langa limawerengeka.
Pamwamba anali atalemba kale:
omwalira, ovulala, osowa, okhudzidwa.
Anati aliyense ali ndi mzere wake,
ndisasiye munthu panja.

Woyamba kufika anali Alufandika Semba wa ku Makhanga,
matope a Ruo atauma m'khosi mwa malaya ake.
Ndinamufunsa ngati wavulala.
Anatembenuza manja, kuwayang'ana ngati a munthu wina:
"Awa alibe bala, aphunzitsi.
Koma ndi amene anataya mwana."
Ndinamuika pa okhudzidwa,
pansi pa mnyamata amene njinga yake inapita ndi madzi.

Okhudzidwa.
Kwathu kukhudza ndi kumene amachita mayi pamphumi pa mwana
pofuna kudziwa ngati thupi latentha.
Madzi aja sanakhudze.
Anatsika usiku kuchokera kumapiri
ife tili mtulo kuno kuchigwa,
analowa m'nyumba osaodira
nanyamula mphasa ndi wogonapo yemwe.

Fainesi Zuze anakana kuti ndilembe mwamuna wake pa omwalira.
"Mwamuona? Mwamusambitsa ndinu?"
Ndiye osowa,
mawu amene timanenera mbuzi ikapanda kubwerera kukhola,
kapena singano ikagwa mumchenga.
Chosowa chimafunidwa.
N'chifukwa chake m'mawa uliwonse amapita ku Mtayamoyo
kukafunsa amabwato ngati aona munthu wamtali
wa chipsera pachibwano,
amene anabwerera kukamasula ng'ombe.

Ovulala ndinalemba khumi ndi atatu:
miyendo yochekedwa ndi malata, nthiti zothyoka,
wina analumidwa ndi njoka
mumtengo wa mango umene anagawana nayo masiku awiri.
Kamtsikana ka a Jofesi kalibe chilonda,
koma chifikireni sikanalankhule,
ndipo wina akamathira madzi mundowa
kamakwawira pansi pa desiki.
Mzere wake ndi uti?

A galimoto zoyera anabwera Lachinayi.
Anayendetsa chala mpaka pansi pa pepala
pamene ndinaphatikiza manambala,
anakopera, anathokoza, anasiya matumba a ufa ndi mabulangete.
Usiku pawailesi tinamva tikutchedwa "mabanja ochuluka."
Alufandika anasendera pafupi:
kodi mwana wake ali m'kati mwa mawu amenewo?
Ndinati eya.
Sindikudziwa.

Onse atagona m'kalasi ya Sitandade 5
ndinatembenuza pepala.
Kuseri kulibe mizere.
Ndinalemba ndi kuwala kwa foni:

Tchale Semba, zaka zinayi,
ankatcha mvuu ng'ombe ya m'madzi,
ankakana kugona osagwira khutu la bambo ake.

Bizeki Zuze, mlimi wa thonje,
ali ndi ngongole ya mchere pagolosale ya a Nyatwa
ndipo mkazi wake akuti adzabweza yekha.

Kamtsikana ka a Jofesi dzina lake ndi Lusiya.
Kamadziwa kuwerenga mpaka makumi asanu,
ndinakaphunzitsa ndine.

Inki inayamba kuzilala
ndisanafike pa mlongo wanga Anjelina,
amene masana onse ndinamudumpha
ngati dzina la mlendo.
Ndinapukusa cholembera, ndinachiuzira mpweya,
ndinakanikiza mpaka pepala linabooka.
Dzina lake lili pamenepo.
Silioneka ndi maso, koma ukayendetsa chala umalimva.