Wosoka Matumba

Chifunga chisanachoke pa Katoto
ndimakhala nditatsika kale kuchokera ku Zolozolo,
wapansi, poti ya kabaza
ndi yomweyo ya mulu wa tomato.
Anyamata a njinga anasiya kundiimbira belu.
Akundidziwa.

Makina anga ali pakhonde la sitolo ya a Msiska,
lendi yake ndi yunifolomu za ana awo atatu.
Ndimapalasa ndi phazi, magetsi azime asazime,
ndipo zondibweretsera si nsalu zatsopano ayi,
ndi matumba obooka, zipi zakufa,
kolala yoti nditembenuze, kutha kwake kubisale mkati.

Ndiye ndimawadziwa matumba a mzinda uno.
La mphunzitsi limadyeka ndi choko
ndi kapepala ka ngongole kopindapinda.
La wogulitsa matabwa a ku Chikangawa limang'ambikira pansi,
makiyi achuluka.
M'jekete yakuda ya bwana wina wa ku Luwinga
ndinapezamo risiti ya nkhomaliro imodzi
yokwana lendi ya nyumba yanga, n'kutsalako ya makala.
Ndinaibwezeramo. Ndinasoka bwinobwino.
Pobwera anadula mtengo wanga ndi mazana awiri,
nati, zinthu zavuta a Harawa.
Ndinavomera kuti zavutadi.

Madzulo Nyauhango amayala ndalama zija patebulo
n'kumaziwongola ndi chikhatho ngati akusita.
Iyi ya makala, kajumbo kamodzi.
Iyi ya mafuta oyeza pa supuni.
Iyi ya banki m'khonde Lachinayi, musaiyang'ane n'komwe.
Sopo timamudula panayi ndi ulusi wanga,
mpeni umagumula.
Masamba a tiyi a m'mawa amagwiranso ntchito masana,
ofooka ngati ine, koma otentha.
Ya fizi ya Tawonga imagona pansi pa mabatani m'chitini,
mbala sifuna mabatani.

Amati pang'onopang'ono ndi mtolo.
Zaka makumi awiri ndikutola,
mtolo wanga ukadali wonyamula ndi dzanja limodzi.
Kwacha imene ndinasunga chaka chatha
ndaipeza itafota ngati juzi ya kaunjika itachapidwa.
Sindinaidye ine. Anaidya ndani?

Ndisaname kuti sindisirira.
Ndikaona mpanda wa njerwa ndi geti yotseguka yokha
pakhosi pamandiuma.
Mlamu wanga anachoka ku Joni ndi galimoto yofiira,
tinaizungulira tonse, ine ndinagwira n'chitseko chomwe.
Lero ili pamiyala ku Chiputula,
nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala,
ndipo mazirawo amatigulitsa, satipatsa.
Ndinaseka tsiku limodzi lokha.
Lachiwiri ndinaganiza kuti iye anakwerapo.

Mvula ya kuno imagwa pa denga lililonse,
amatunga ndi mwini mbiya yaikulu.
Ife timatchera beseni, ndowa, poto wopanda chogwirira,
kwinaku tikusuntha bedi pamene pakudontha.
Nanga kulemera n'kutani?
Mwina n'kugula mchere osafunsa mtengo.
Mwina n'kudwala Lachiwiri
Lachitatu osagona ndi njala.
Nyauhango amati n'kumva kugogoda pachitseko
mtima osadumpha.

Juni akafika, kuzizira kolowa m'mafupa,
Tawonga amafunda chofunda chimene ndinalumikiza
ndi zidutswa zotola pansi pa makina:
mwendo wa buluku la mphunzitsi, chitenje cha ukwati wa eni ake,
khaki wa mlonda wa ku banki,
kansalu ka mkati mwa jekete yakuda ija.
Amagona pansi pa Mzuzu yense, osadziwa,
phazi limodzi lili kunja.

Ndimamufunditsa, n'kuzimitsa kandulo isanafike pakati.
Thumba langa lakumanzere linabooka mu Epulo.
Ndidzasoka.
Lakumanja likukwanabe.