Chala cha a Nangozo

Miyezi iwiri ndinkamanga tsamba la pa intaneti
la kopaletivi yathu,
usiku, magetsi akabwera,
pa laputopu yobwereka ku Ntcheu boma.
Ndinaikamo zonse: mbiri ya gulu,
tcheyamani atavala jekete la paukwati,
masomphenya, zolinga,
chithunzi cha phiri chikuyendayenda pamwamba.
Ndinagona ndikudziombera m'manja.

Tsiku la msika ndinapita nalo pa Lizulu.
A Nangozo anatula ndowa ya kachewere,
napukuta manja pachitenje,
nasolola foni yawo yong'aluka galasi.
"Ndikufuna mtengo wa lero. Uli pati?"

Ndinaluma lilime.
Lamulo ndinali nditadziikira ndekha:
osawalozera.

Chala chinauyamba ulendo,
chala chokhakhala, dothi lili m'chikhadabo.
Chinadina apa, kunatuluka tcheyamani.
Chinabwerera, tcheyamani yemweyo, akumwetulirabe.
Chinalowa mu Zambiri, mu Zina, mu Zinanso,
ngati mlendo pamaliro amene wapanikizika
koma akuchita manyazi kufunsa kuchimbudzi.
Kenaka bandulo inatha.
Basi ya ku Lilongwe inaima,
iwo nathamangira kumawindo, ndowa ili pamutu,
ine n'kutsala ndi nyumba yanga yokongola
yopanda khomo.

Pobwerera ndinadutsa pabwalo la sukulu.
Amisiri anayala kanjira ka njerwa, kokhota mwaulemu,
koma mapazi a ana anadula yawoyawo
pakati pa kapinga, kulunjika ku mjigo.
Ndinaima pamenepo kwa nthawi,
mphepo ya Juni ikundiboola makutu.

Usiku umenewo ndinagumula makoma.
Tcheyamani ndinamusamutsira kuseri.
Adzandikwiyira, ndikudziwa.
Phiri ndinalichotsa, limadya bandulo ya amphawi,
ndipo aliyense amaliona akangotuluka panja.
Kumaso ndinasiya mabatani atatu okha,
aakulu, oti chala cha mlimi chisaphonye:
Mtengo wa lero. Mbewu. Imbani.
Paliponse pomwe munthu angasochere
ndinasiyapo mawu amodzi: Bwererani.

Msika winawo ndinangoima poteropo,
manja m'thumba, mtima uli phaphapha.
Chala chinatera kamodzi.
A Nangozo anatsinzina diso, nawerenga,
natembenukira kwa mnyamata wa lole
amene ankakweza kale matumba awo:
"Tsitsa, iwe. Mtengo wakowo ndi wa dzana."

Ine sanandicheukire n'komwe.
Ndinagula chimanga chootcha, ndinadya ndili chilili.
Ndani amathokoza njira
imene sinamupunthwitse?