Lilime la Kabelu

Anafika Lachinayi, nkhungu isanachoke paphiri,
ine ndikukhoma tsinde la ndowa,
Chakhaza akupemerera makala ndi chikatoni.
Anali mayi uja wa maso, Dokotala Perelman,
amene anachotsa ng'ala ya malume chaka chatha.
Anamasula sikafu ya ubweya pathabwa langa lakuda,
pakati pa lumo la malata ndi zidutswa za mtovu.

Tinsanja tiwiri tasiliva,
kutalika ngati chitsononkho cha chimanga,
mitu yozungulira, timabelu lendelende m'mbali.
"Kwathu timati rimonim," anatero,
"ndiye kuti makangaza.
Mpukutu wa Chilamulo uli ndi ndodo ziwiri zokulungira.
Timauveka malaya, timauveka chapachifuwa,
ndipo izi zimakhala pamitu ya ndodozo.
Ukamanyamulidwa, timabelu timalira,
anthu n'kudziwa kuti aimirire."

Ndinafunsa, nanga mpukutuwo uli kuti?
Anayang'ana msewu, lole ya kachewere ikudutsa.
"Unapsa. Nyumba yopemphereramo inapsanso.
Agogo anga anatuluka ndi izi m'manja a jekete."
Sindinafunsenso.
Ndinaonapo goli litatsamira khola lopanda ng'ombe.

Timabelu khumi ndi tiwiri.
Ndinatigwedeza kamodzikamodzi pafupi ndi khutu:
ngele, ngele, ngele,
ngati manjerenjeza a ngoma akumvekera kutsidya kwa dambo.
Kachisanu ndi chiwiri, zii.
Lilime linathothoka kalekale, mwina panyanja yamchere,
mwina m'jekete muja, munthu akuthamanga.

M'sikafu munalinso kadzanja,
chala chimodzi chotambasula, chikhadabo chotha ndi zaka.
Akuti zilembo zija sazikhudza ndi chala cha munthu,
amalozera ndi ichi.
Chakhaza anaseka. Ine ayi.
Ndinakumbuka khofi amene ndinalandira ku Linthipe
tsiku lomwe ndinaloza manda ndi chala.

Ndinamuuza zoona: mayi, ine ndimakhoma makeni othirira kabichi,
mbaula, nyale za koloboyi.
Siliva sindinamugwirepo.
Anati, "Manja anu ndawaona."

Usiku umenewo chisanu chinaluma zala.
Ndinayesa waya wa mkuwa, kanalira ngati chitini.
Ndinayesa sipoko ya njinga,
kanalalata, kusokoneza anzake onse.
Ndiye ndinatsegula sutukesi ya malemu mayi,
pansi pa nsalu ya chigwirizano panali tiki,
kandalama ka kale kamene sanagulire kanthu
chifukwa kanali malipiro awo oyamba.
Ndinakadula mwezi wowonda m'mphepete,
ndinausula, ndinaupinda,
mpweya ndikuugwira ngati wolowetsa ulusi m'singano.

Tambala woyamba, kabelu kanayankhula.
Mawu ake otsikirapo pang'ono kuposa anzake,
monga mlendo woimba nawo nyimbo imene wangoimva.

Anabwera Lamlungu masana.
Anagwedeza, natseka maso, nagwedezanso.
Akuti mdzukulu wake ku Joni wakwanitsa zaka khumi ndi zitatu,
adzawerenga pamaso pa anthu koyamba,
ndipo makangaza adzakhalanso pa ndodo
patatha zaka zonsezi ali m'sikafu.
Anafunsa mtengo. Ndinatchula wa ndowa ziwiri.
Za tiki sindinanene.

Tsopano Loweruka lililonse, msika ukasefukira,
ogula akukangana nane za chigwiriro cha keni,
nyundo imaima yokha m'mwamba kanthawi.
Kwinakwake anthu ovala tizipewa akudzuka pamipando,
chikopa cholembedwa chikudutsa pakati pawo chitavala bwino,
ndipo mwa mawu khumi ndi awiri owaimiritsa
muli amodzi ochokera kuno, kumunsi kwa mapaini,
thukuta la mayi anga lopalira m'munda wa fodya.

Tiki yotsalayo ili m'thumba la ovololo.
Ndikapisa kufuna machesi, imandikanda chala.