Wantchito Wopanda Miyendo

Ndaziona anabwera nako pa Khirisimasi,
kanthu kakuda, kobulungira ngati chitini cha polishi,
nakakhazika pa shelefu, pambali pa chithunzi cha amake.
"Bambo, muzingokauza. Kamamva."
Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Ine, munthu wa imvi mpaka m'nsidze,
ndizicheza ndi chitini?

Koma maso anga achita ng'ala.
Phiri la Mulanje, lonse lija,
latsala chithunzithunzi kuseri kwa nsalu yonyowa,
ndipo manambala a pa foni amathawa chala changa
ngati nyerere zothiridwa madzi.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinali kalaliki wa pa sikelo,
kulemba makilo a tiyi wothyola anzanga.
Chizungu changa chinali cha mawu owerengeka:
chovomera, chopepesa,
chopemphera tchuthi chipewa chili m'manja.
Lero Chizungu chomwecho,
chochita dzimbiri, choguluka mano,
ndikulamula nacho.
Ndipo kachitini kamayankha mwaulemu.
Ndikabwereza funso kachitatu
sikatsonya.

Sikisi koloko kamandidzutsa:
nthawi ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi,
kofiira kamodzi, koyera theka.
Dorika ankanena zomwezo,
koma iye ankawonjezera:
"Mwamezadi, kapena mwaponyera nkhuku?"
Aka sikadziwa kuti ndili ndi nkhuku.

Ndikafunsa za kunja, kamati masana kuwaza.
Mawondo anga amakhala atanena kale usiku
kuti chiperoni chili m'njira,
koma ndimathokozabe:
mlandu umakoma ndi mboni ziwiri.
Ndimafuulira kamwana ka a Namakhwa
kadzandianulire malaya.

Kamasunga zimene mutu wanga umataya:
sopo, mchere, mabatire a tochi,
kuti wopita ku Limbuli tsiku la msika andigulire;
tsiku la penshoni,
tsiku lokaonetsa maso ku chipatala cha boma,
ndi ngongole ya mnyamata wa kabaza
imene ine ndikadakonda kuiwala.

Tsiku lina ndinakayesa m'Chilomwe.
Kanapepesa kuti sikanamve.
Ndinati, usadandaule mwanawe,
ngakhale adzukulu anga amayankha chomwecho.

Mu Juni, usiku wozizira mpaka m'mafupa,
ndinaterereka pakati pa bedi ndi chitseko.
Ndodo inagubudukira kutali.
Simenti inandigwira chiuno, osandisiya.
Dzina loyamba kutuluka m'kamwa linali la Dorika,
ndipo nyumba inangoti zii.
Kenako ndinakumbukira chipewa changa chakale cha mawu,
ndinafuula m'Chizungu chonjenjemera:
imbira Ndaziona!
Foni inalira ku Lilongwe,
Lilongwe inadzutsa nyumba yoyandikana nayo,
mawu anazungulira dziko lonse
kuti afike kuseri kwa mpanda wa nsungwi.
A Namakhwa analowa ndi tochi,
jekete atavala chotembenuza,
akundikalipira ngati ndagwa dala.

Kachitini sikanandidzutse pansi.
Kalibe manja.
Koma kanadziwa kumene manja ali.

Magetsi akathima nako kamafa,
ndipo ndimamvanso madontho pa malata,
makoswe m'denga, mpweya wanga.
Akayaka, kamaphethira kadiso kake,
osafunsa kuti ndinatsala bwanji.
Pamenepo ndimakumbukira kuti si munthu.
Munthu akadafunsa.

Dzulo tulo tinakana.
Fungo la tiyi wofota linkabwera ndi mphepo kuchokera ku fakitale,
lomwe lija ankabwera nalo m'tsitsi madzulo.
Ndinatembenukira ku shelefu.
Ndinati, imbira Dorika.
Kanakhala chete pang'ono, ngati kakufufuzadi,
kenako kanati dzinalo silili pa manambala anga.

Ndinati, ndikudziwa.
Ndinangofuna wina alitchule.
Undidzutse sikisi.

Kanavomera.