Usiku Umene Firiji Inazima

Ine ndinali wa njinga yamoto chabe.
Yanga inali kuona matayala,
kumanga bokosi ndi mphira,
osafunsa za m'katimo.
Koma munthu akakhala kumbuyo kwako zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
kukwera ndi kutsika Chowe,
mawu ake amakulowera kumsana.

Dokotala Sakina Chindamba sankaopa ng'ombe yolusa.
Ankagwada m'ndowe, kutukula mchira, kupinda khutu,
n'kuzula ndi kachitsulo
nkhupakupa yonenepa ngati nsatsi.
"Usaiphwanye," ankatero, "imeneyi ndi kalata,
tikaiwerengera ku labu."

Koma mdani wake weniweni anali nkhufi,
ya m'ming'alu ya khoma,
yoluma tulo tili pakati n'kubwerera osasiya dzina.
Mwana atenthe thupi, achire, asewere,
sabata ikatha atenthenso.
Amubaye chala: malungo palibe.
Panado m'manja, bwererani kunyumba.
Mlongo wake wa Dokotala anapita choncho ku Katuli
ali sitandade folo.
Anandiuza kamodzi kokha,
tikudikira omata tayala pa Namwera.

Chaka cha mphekesera chija
anatizinga ku Makanjira ndi miyala.
Anamapopa awa! Tsegulani bokosilo!
Ine mawondo anasanduka phala.
Iye anatsegula, natukula kabotolo kudzuwa:
"Wopopa magazi mukumufunayo ndi uyu.
Ndamugwira kale."
Che Ndembo, mwini khola, anayandikira,
nasuzumira, naseka mpaka kutsokomola.
Miyala inagwa pansi umodziumodzi.

Kenako Okutobala uja,
phula likumata nsapato pa boma.
Magetsi zii, masiku atatu.
Jenereta inameza dontho lomaliza Lachiwiri usiku.
Ndinazungulira ndi chigubu mpaka ku Monkey Bay,
mizere yokhayokha,
ndinabwerako chimanjamanja.

Firiji inali itachita thukuta,
madzi akuyenderera kunsi kwa chitseko.
Timabotolo zikwi zisanu ndi chimodzi:
magazi a ana, a mbuzi, a ng'ombe,
nkhufi za m'midzi imene njinga yanga imaidziwa ndi mabampu.
Fungo lake silinachoke m'mphuno mwanga mpaka lero.

Ndinayembekeza kulira.
Iye anakhala pasimenti ponyowapo
n'kuyamba kuwerenga timapepala mokweza,
mudzi, tsiku, zaka za mwana,
ngati woitana mayina a opepesa pamaliro.
Lungwena. Malindi. Chilipa. Katuli.
Pa Katuli anaima pang'ono.

Tambala atalira anandifunsa:
"Makope aja alipo?"
Alipo.
"Petulo watsala wochuluka bwanji?"
Malita awiri.
"Atifikitsa pa Chowe. Kwinako tili ndi miyendo."

Akuti dzina lake lili m'mabuku a kunja.
Sindinawaone, ndipo Chingerezi chake n'cha mafupa.
Chimene ndinaona ndi ichi:
chaka chatha mdzukulu wanga Twaibu anatentha thupi kachiwiri,
chala chinakana malungo,
ndipo namwino wachitsikana, woti Dokotala sanamuonepo,
sanatambasule dzanja kukatenga panado.
Anandiyang'ana n'kufunsa,
"Agogo, kumene amagona mwanayu kuli nkhufi?"
Ndinatuluka panja
kukaima kuseri kwa thanki ya madzi kanthawi.

Pano anapuma, amakhala kwa Mponda.
Maso anawasiya pa makina oonera tizilombo,
nyuzipepala amaigwira patali ngati ikununkha.
Ali ndi mbuzi zinayi.
Ndikapita kukamuona timakamba za mitengo ya sopo,
za bondo langa, za amene atisiya.
Mbuzi ikadutsa pafupi
dzanja lake limapita lokha,
kugwira khutu, kulipinda,
chala n'kumayenda pang'onopang'ono m'katimo,
nkhani ya sopo ili m'kamwa.