Masitepe a ku Valparaíso

Telala uja, Don Eleuterio, sanayankhule.
Anandizunguliza tepi m'chiuno,
natsokomola, nalemba nambala pakapepala
n'kuiphimba ndi chala ngati ngongole ya mnzake.

Ukwati wa Ximena uli m'Malichi.
Uno ndi Okutobala.
Suti ndi yomwe ndinakwatirira amake,
yatha zaka makumi atatu m'kabati
ikununkha mankhwala a njenjete,
ikudikira mnyamata amene ndinamukwirira ndekha
pampando wa takisi,
buledi ndi soseji m'mawa,
buledi ndi soseji usiku, injini ikulira.

Mzinda uno ulibe njira yosakwera.
Nyumba zathu zinayanikidwa m'mapiri ngati zovala,
ndipo kuchoka kumsewu wa kudoko kukafika pakhomo panga
pali masitepe zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi.
Zaka zonsezi ndinkawalambalala,
kulipira kangolo kokokedwa ndi nthambo
kuti kandinyamule ngati thumba la anyezi.

Tsiku loyamba ndinathera pa makumi anayi.
Mtima unkagogoda ngati mwininyumba kumapeto kwa mwezi.
Galu wachikasu wopanda mbuye
anakhala pambali panga, nandiyang'ana mwachisoni.
Doña Clorinda wa maempanada anandiitana ndi dzina.
Ndinagula awiri.
Ndinamirenji?

Novembala, makumi asanu ndi anayi,
bondo lamanzere likulira ngati chitseko cha kusitolo.
Disembala anandigwetsa chagada.
Usiku wa Chaka Chatsopano,
makombola akuphulika pamwamba pa zombo,
anthu akukumbatirana,
ine ndinali kuseri kumasula lamba.
Fresia anabisa shuga m'chitini cha misomali.
Ndinamupeza.
Ndinamubwezeramo.

Ximena anandipeza tsiku lina
nditatsamira khoma, thukuta lili kamukamu,
ndikuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu.
Ndinati, suti ija ikwana, usadandaule.
Anati, suti amabwereka, bambo.
Paukwati wa Marisol munavina cueca theka lokha,
munakhala pansi milomo ili mbuu,
amayi manja akunjenjemera
kufunafuna nambala ya ambulansi.
Ndikufuna mpango wanu ukhale m'mwamba
mpaka gitala atatopa yekha.

Sindinamuyankhe.
Ndinakwera otsalawo osapuma,
kuti asaone nkhope yanga.

Febuluwale yense ndinkadzuka nyali za kudoko zisanazime.
Galu uja anaphunzira nthawi yanga.
Ndinadziwa sitepe yosweka pakona,
ina yomwe wina analembapo dzina la mkazi n'kulifufuta,
ndi zenera lomwe nkhalamba imathirira maluwa
n'kundinyowetsa dazi osapepesa.
Lamba anabwerera mabowo atatu.
Lachinayi linakana.

Patsikulo batani lapakati silinafike.
Fresia analisuntha usiku, zala ziwiri zokha,
ulusi wake wosiyana mtundu pang'ono,
ndipo mpaka lero akuti sanakhudze kanthu.
Ndinayenda ndi mwana wanga kukafika kuguwa
osamveka kupuma.
Madzulo gitala anayamba.
Kamodzi. Kawiri.
Kachitatu malaya anamatirira kumsana,
nsapato zikumenya thabwa,
mpango uli m'mwamba, uli m'mwambabe,
Ximena akuzungulira, akuseka, akulira,
woyimba ndiye anayamba kupempha madzi.

Suti yabwerera m'kabati.
Alendo anapita, maluwa afota m'ndowa.
Ndatsegula kalendala yonse:
mulibe ukwati, mulibe ubatizo,
palibe wondiyeza m'chiuno chaka chino.
Lero ndi Lachiwiri chabe.

Komatu ndadzuka kusanache,
miyendo yadzipezera yokha nsapato.
Chifunga chakwera kuchoka kunyanja,
galu wachikasu ali pageti, mchira ukusesa fumbi.
Titsika kaye kuti tikwere.
Pa makumi anayi Doña Clorinda andiitana ndi dzina.
Ndigula limodzi,
theka n'la mnzangayu.