Kudzutsa Alonda

Zaka makumi awiri ndi zisanu
ndinazungulira mpanda wa fakitale ku Workington,
tochi m'manja, jasi lonunkha mame.
Ndinkamudziwa mlonda wogona chiimire.
Ndinkamugogoda bondo ndi ndodo:
dzuka iwe, wakuba salemba kalata.

Lero wakubayo ali m'matumbo mwanga.
Analowa osathyola loko.

Ku Parirenyatwa amandidonthezera madzi awo mumtsempha,
mkamwa n'kumamveka ngati ndanyambita khobidi.
Namwino Vimbainashe anayang'ana pepala la magazi
nati, Sekuru Mbalame, asilikali anu achepa.
Dripi musaisiye, kuyenda sikuchiza khansa,
komabe thupi likangogona
alonda ake nawonso amawodzera.

Ndinaseka mpaka bala linandikumbutsa.
Ine, kundiphunzitsa za alonda!

Tsiku loyamba ndinafika pa mtengo wa magetsi umodzi wokha,
ndinaukumbatira ngati m'bale wochokera ku Dedza.
Mai Rutendo ogulitsa tomato pakona
anakhuthula kireti, nandipatsa ndikhalire.
Sanandifunse kanthu. Anangothamangitsa ntchentche.

Mdzukulu wanga Mwayiwawo amalemba ndi choko
kuseri kwa chitseko: itatu, inayi, inayi, isanu ndi iwiri.
Pali mzere wa masiku opanda kanthu,
aja a beseni pambali pa bedi,
pamene ngakhale bulangete limandiposa mphamvu.
Iye safufuta. Amangojambulapo dzira la nkhuku,
ati mawa liswa.

Tsopano ndimadzuka makombi asanayambe kulalata,
Mufakose yense akadali fungo la makala ozima.
Ndimadutsa zigubu zafola pa mjigo,
galu wa nambala sikisite amene analeka kundiuwa,
tchalitchi cha malata, dzenje lija la mumsewu
limene lakula limodzi ndi ana athu.
Thukuta likayamba kunyerenyetsa pamsana
ndimamva m'kati mwanga nsapato zikuvalidwa,
wina akuyasamula, wina akufufuza chipewa.

Lachinayi lapitali nambala inakwera pang'ono.
Vimbainashe sanalonjeze chilichonse,
anangoti tionane pa fifitini, muzidya, muziyenda.

Sindidziwa ngati wakubayo adzatuluka.
Mwina adzanyamula zonse, ndi mpanda womwe.
Koma sadzatipeza tikuliza mkonono.
Pa mtengo wa khumi ndi chimodzi ndimaima,
ndimagogoda chifuwa ndi zala ziwiri:
anyamata, kunja sikunache,
otilandira sanafike.